Nthungululu Yanga Inakwera Minibasi

Usiku wathawu ndinalota nthungululu yanga itandithawa, amayi anzanga. Sendererani kuno ndi malichero anuwo, mpungawo muzisankhira pafupi nane, chifukwa mawu mukuwamva nokha mmene asasira. Mai Kalinde, inu mwangosamukira kumene kuno ku Bangwe, simukundidziwa bwino. Ine ndine uja ndikaimba nthungululu pano agalu a kutsidya kwa mtsinje amayankha. Maukwati a ana a eni ake ndaimbira osawerengeka, ena mpaka kunditumizira galimoto. Ndiye Loweruka lino akukwatiwa wanga, Mtisunge, mmodzi yekhayo, mawu ndiye awa, ngati munthu akukhwekhwereza thumba la makala pasimenti. A Nachanza musaseke. Ndikudziwa kuti zaka zonsezi pa nthungululu mwakhala wachiwiri kwa ine, ndipo mtima wanu sunavomerebe.

Kuti malotowa muwamve, muyambe mwadziwa izi. Ine ndili ndi mphumu, ndipo nyengo ya chiperoni ngati ino m'chifuwa mumalira ngati muli ana amphaka. Chaka chatha kuchipatala anandipatsa timabotolo tiwiri topopera mkamwa, tija amati inhela. Kabuluu n'kondithandiza pomwe ndabanika. Kabulauni anati ndizipopera kawiri m'mawa, kawiri madzulo, ndidwale ndisadwale, ndikatha ndizichukucha mkamwa n'kulavula. Ine kulavula mankhwala? Mayi anga ankatitsina mphuno kuti timeze kwinini yense, dontho lisatayike. Ndiye ndinkapopera n'kumeza malovu bwinobwino. Ukwati utayandikira ndinayamba kupopera mowirikiza kuti ndisungireko mpweya, monga timachitira ndi madiramu tikamva kuti mipopi iuma. Mawu anasasa, mkamwa munatuluka zoyera ngati chambiko, ndipo mukudziwa zomwe anthu a pano amanong'ona akaona zoyera mkamwa mwa munthu. Ndinakwiya nako kabulauniko. Ndinakaponya mumphika watsopano, umodzi wa ija munampatsa Mtisunge pa chilangizo, n'kuvundikira. Papita masabata awiri.

Ndiye m'malotomo kwacha, ndi Loweruka, ndavala nsalu ya ukwati, duku ndamanga lalitali loti wakumbuyo asaone kutsogolo. Ndaima pakhonde kuti ndiyese kaye mawu pang'ono. Ndatsegula kukamwa, mwadzidzidzi nthungululu ija n'kutuluka yokha, osati ngati mawu ayi, koma kamayi kakafupi konenepa, kovala nsalu yofanana ndi yanga, kachikwama kali m'khwapa. Kanatsetsereka palilime, kudumphira pansi, n'kudzisasa fumbi.

"Mayi, ine ndapita," kanatero. "Kwanuku kwadzaza alendo, pogona palibe."

"Upita kuti, lero ukwati wa mwana?"

"Ku holo komweko. Ndikayang'ana wina wa khosi losesedwa bwino."

Ponena zimenezo kanaponya diso cha kunyumba kwanu, a Nachanza. Ndiye kanayenda monyang'wa mpaka pamsewu, kuimitsa minibasi, kondakita n'kukasendezera malo kutsogolo ngati bwana. Ine ndinayamba kuthamanga, koma sindinafike n'komwe pamtengo wa mapeyala uja, chifuwa chinatseka. Ana amphaka anayamba kulira onse pamodzi. Ndinapisa dzanja pachifuwa pomwe ndimasunga kabuluu, ndiye mwadzidzidzi kanatupa m'manja mwanga, kumera matayala awiri, n'kusanduka njinga yamoto ya kabaza yolankhula yokha.

"Kwerani, masteni," anatero Buluu. "Ine ndi amene ndimakukondani. Mukangoitana ndafika, osati ena aja."

Ndinakwera, ndipo liwiro lake linali losaneneka. Mpweya unalowa mpaka m'zala za kumiyendo, duku lili pepepe kumbuyo, minibasi ndikuiona apo. Koma mtima unkagunda ngati ng'oma ya beni, manja akunjenjemera osagwira bwino. Titafika pamsika, Buluu anaima.

"Ine ndimalekeza pano."

"Pano? Ku holo n'kutali."

"Ntchito yanga n'kukankha chitseko, masteni. Kukonza nyumba si ine. Poperaninso."

Ndinapoperanso, tinafika pachigayo. Ndinapoperanso, tinangodutsa nyumba ziwiri. Ulendo wotsatira tinangosuntha kuchoka pamthunzi kufika padzuwa, iye akundiuzabe kuti amandikonda. Ndiye kutsogolo kunali madiramu ndi mtengo wopingasa, wapolisi wapamsewu ataimika dzanja.

"Mayi, kuchipatala munatuluka ndi angati?"

"Awiri, bwana."

"Pano ndikuona mmodzi. Winayo munamusiya kuti?"

Ndinati wapita kumudzi kukaona odwala. Wapolisi anandiyang'ana, khosi lake n'kuyamba kufufuma, mabatani a malaya kuthothoka mmodzimmodzi, maso kukwera pamwamba pa mutu, mpaka padiramu panatsala chule wamkulu atavala chipewa cha boma. Sanakalipe ayi. Anandipatsa wezulo yake kuti ndiuzire. Ndinakoka mpweya wonse womwe ndinali nawo n'kuuzira, koma wezuloyo sinalire. Inangousa moyo n'kunena kuti, "Pepani mayi, mwayesetsa."

"Mpweya umenewu sungayende pamsewu waukulu," anatero chule. "Dzerani njira yachidule iyi."

Anakweza mtengo wopingasa uja, ndiye mwadzidzidzi sunalinso mtengo, anali mano. Ndinalowa, ndipo ndinazindikira kuti ndili mkamwa mwanga momwe, chifukwa ndinaona dzino lija linabenthuka ndi fupa la mbuzi pa ukwati wa mwana wanu woyamba, a Nachanza. Amayi anzanga, mkamwamo munali mudzi. Tianthu toyera mbuu tinali titamanga tinyumba palilime ponse ndi m'masaya, tina tikuyanika zovala pamano, tina tikuumba njerwa. Kamodzi kachikulire, kokhala ngati tcheyamani wawo, kanabwera kakuwomba m'manja mwaulemu.

"Ndinu eni malo? Zikomo kwambiri, mayi. Kwina konse amatithamangitsa ndi madzi m'mawa ndi madzulo, koma inu Mulungu akudalitseni, mtima wanu ndi wabwino."

"Ndinu ndani inu?"

"Ndife otola zotsala. Mayi aja a bulauni, aja mumapopera m'mawa ndi madzulo, akamadutsa pano kupita kuntchito kwawo kuchifuwa, katundu wina amawagwa palilime ndi pakhosi. Katunduyo akagona pano osatsukidwa, alonda a mkamwa muno amawodzera, ife n'kumanga. Ndiye masiku aja munkawatuma maulendo ambirimbiri aja, eee, tinachita kuitana ndi achibale akumudzi."

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa chapansipansi ngati iwowo ndi matenda aja anthu amanong'ona. Kunena zoona, funso limeneli ndi lomwe lakhala likundisowetsa tulo, n'chifukwa chake masabata awiriwa ndimaseka nditaphimba kukamwa.

"Ife timamanga paliponse pomwe alonda agona," kanatero. "Kuno chowagoneka ndi chomwe tanenachi. Koma mukafunsebe kuchipatala akuoneni, ife sukulu sitinapite."

Ndinakafunsa ngati kaona nthungululu yanga. Kanaloza kukhosi. Ndinapita, ndipo ndinapeza zingwe ziwiri ngati zoyanikira zovala, zitalendewera, zili tuu ndi fumbi la mankhwala. Pansi pake panali kamphasa kopindidwa ndi kapilo, pomwe nthungululu inkagona zaka zonsezi. Ndinamva chisoni, ndinakhudza chingwe chimodzi kuti ndimve ngati chingalire, koma chinangokhosomola. Ndiye phazi linaterera, n'kutsetsereka ine mpaka pansi.

Ndinagwera m'nyumba yaikulu ya tinjira tambirimbiri, ndipo ndinadziwa kuti ndi chifuwa changa. Makoma anali atatupa, ofiira, onyowa, moti munthu umayenda chammbali. Zitseko zonse zinali zothina, ana amphaka ali m'makona kulira. Pakhoma panali patatsamira tsache. Ndinati ndilipitirire, koma linandigwira nsalu.

"Amene ankandigwira anachotsedwa ntchito," linatero tsachelo. "Sanapatsidwe n'chifukwa chomwe. Tiyeni mukawaone."

Linayenda patsogolo modumphadumpha, ine pambuyo, mpaka tinafika pamphika watsopano uja wa pa chilangizo, pepala la kusitolo likadali pambali. Unali waukulu ngati nkhokwe. Ndinakwera, kuvundukula, ndiye mkatimo munali mayi wachikulire wovala nsalu ya bulauni, atakhala pansi, miyendo atatambasula, manja ali pamaondo. Sanaoneke wokwiya. Ankaoneka ngati munthu amene wadikira basi nthawi yaitali ndipo wazolowera.

"Mwabwera, mai a Mtisunge? Chifuwa chili bwanji?"

"Musandifunse za chifuwa, a Bulauni. Munandiwonongera mawu inu."

"Sindikana," anatero. "Walira mvula walira matope. Mapazi anga amasiyadi matope pakhomo, ena kwambiri, ena pang'ono. Koma ndi nyumba iti yomwe wantchito akalowa ndi matope eni ake sasesa pakhonde? Anakuuzani kuti muzichukucha."

"Mankhwala salavula."

"Amene afika kuchifuwa afika. Otsala mkamwa salinso mankhwala, ndi zinyalala. Ndiponso ine sindinabwere ndekha, ndinali ndi wondiperekeza, wondilowetsa bwino osagunda makoma. Ali kuti?"

Mwadzidzidzi kunamveka kugubuduka, n'kutulukira botolo lapulasitiki lija la chakumwa, lomwe nesi analiboola kunsi ndi manja ake kuti ndizilowetsamo inhela n'kumakoka mpweya kukamwa kwake. Linali lodzaza ndi mapegi oyanikira zovala.

"Ndili pano," linatero botololo, mapegi akuchita phokoso m'mimba. "Ndinasinthidwa ntchito tsiku lomwe ndinafika."

Ndinaliuza chilungamo, kuti mayi wamkulu ngati ine, wolangiza ana a anthu, sindingamayamwe botolo ngati khanda. Botolo linati lamva, koma khanda ndi limene limapuma bwino m'nyumba monse. A Bulauni analiletsa, anati si nthawi yonyozana.

"Chinanso, mayi," anapitiriza, "mpweya sasunga m'diramu. Ine ntchito yanga ili ngati kuzira nyumba, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Mukandituma mowirikiza nyumba sikoma mowirikiza, amangochuluka ndi matope pakhomo. Mukandichotsa, tsiku loyamba simuona kanthu, lachiwiri simuona kanthu, koma makoma amakhala akutupa mwakachetechete. Mwawaona nokha."

"Nanga bwanji inu mukamagwira ntchito sindimva kanthu? Buluu ndikangopopera ndimamumva."

"Pa ukwati, wovina kutsogolo ndi wotola nkhuni kuseri, amawomberedwa m'manja ndani?"

Pamenepo ndinavomera, chifukwa nanenso ndaphikapo kuseri maukwati ambiri popanda wonditchula dzina. Ndinawafunsa kuti akabwerera pompano, mawu abwera lero lomwe? A Bulauni anapukusa mutu. Anati iwo sanama, mawu angachedwe, mwina sabata, mwina kuposa. Anati zoti azibwera kangati patsiku ndisagamule ndekha, ndikafunse kwa amene anawatuma, ndipo tianthu toyera tija tili ndi mankhwala akeake otisamutsa. Ali mkati molankhula, kutali kunamveka mahutala a galimoto za ukwati. Ndinacheukira komweko. Ndinati ine nkhani za sabata yamawa ndilibe nazo ntchito, mwana akukwatiwa lero. Ndinavundikiranso mphika uja n'kuthamanga.

Ndinakankha chitseko choyamba chomwe ndinapeza, ndiye ndinali kuchipatala, pamaso pa nesi wathu uja wamtali wa magalasi.

"Asisitala, ndipatseni jakisoni wobweza mawu lero lomwe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anatsegula kukamwa kuti ayankhe, mwadzidzidzi khosi lake linafiira n'kulendewera, yunifolomu inafutukuka kumbuyo ngati ambulera, ndipo pampando panali nkhukundembo, magalasi ali pamphuno, kawotchi kali pachifuwa. Inamwa madzi m'kapu, kuloza mlomo kudenga, n'kuti, "Gulugulugulu." Kenako inalavulira m'beseni n'kundiyang'ana.

"Lankhulani Chichewa, asisitala, ndachedwa."

"Gulugulugulu," inateronso, n'kundisendezera kapu ndi phiko.

Ine ndinati nkhukundembo yapenga iyi, boma likulemba ntchito zilizonse masiku ano. Ndinatuluka, koma ndikacheuka ndinkaiona ikunditsatira patali, kapu ili pamsana, madzi osatayika.

Ndiye ndinangoona ndili mu holo. Anthu adzaza, mabaluni ali lendelende, inu nonse mwavala nsalu yathu ija. Tcheyamani wa komiti ya ukwati, a Mkwapatira, anali pa maikolofoni. Anati, "Tsopano tifuna timve mayi wa mkwatibwi," koma pofika pa mawu omaliza anali atamera ndevu ndi nyanga za mbuzi, ndipo anayamba kudya maluwa a pathebulo la akwati mmodzimmodzi, tayi ikulendewera. Palibe anadabwa, poti mukuwadziwa a Mkwapatira pa zakudya. Anthu onse anatembenukira kwa ine.

Nthungululu ija inali pamwamba pa keke, itakhala pamphepete, ikugwedeza timiyendo. Ndinadumpha n'kuigwira. Inapalapata, koma ndinaifumbata zolimba. Ndinati ndiimeze ibwerere pamalo pake, ndiye ndinakoka mpweya kuti ndiimbe, koma mpweya kunalibe. Ndinakokanso, pakhosi pali gwa. Ndinafufuza Buluu, ndinamupeza atagona chagada pansi pa thebulo, matayala ataphwa.

"Masteni, ine ndatha," anatero. "Ndigwedezeni mumve, mulibe kanthu. Ndinakuuzani kuti nyumba si ine."

Sindinamve kugwa. Ndinangoona ndapepuka ngati nkhuku yonyowa ikauma, ndili pamtanda wa denga la holo, ndikuyang'ana pansi. Pampando wa mayi wa mkwatibwi panali duku langa lokha, likadali lomanga bwinobwino. Ndiye nyimbo yomwe munkaimba ija, ya kuperekeza mwana, inayamba kuchedwa pakatikati pa vesi, kuchedwa, kuchedwa, mpaka inasanduka ya kumaliro. Simunasinthe ngakhale nsalu. Mabaluni anatsika okha n'kukhala pansi mwaulemu. A Nachanza munayesa kuimba nthungululu kuti mubweze ukwati, koma chinatuluka ndi chiliro, ndipo ndinene pano pamaso pa anthu, munkandilira kuposa onse. Zinandikhudza, sindinkayembekezera.

Ndinasuzumira panja pomwe pamaphikidwa. Miphika ikuluikulu ya kumpingo ija, yomwe tabwereka yomweyi, inali pamafuwa ikuwira. Ndinaifuulira kuti imani, mpunga umenewo ndi wa ukwati wa mwana wanga. Mphika waukulu uja wopindika khutu unatukula chivundikiro pang'ono.

"Ife sitisankha, mayi," unatero. "Ukwati, maliro, amatibwereka ndi anthu omwewo, nkhuni ndi zomwezo. Mpunga wasankhidwa kale, sungatayidwe."

Amayi anzanga, mpunga wake unali womwe uli m'malichero mwanuwu. Mai Kalinde, musaike lichero pansi, ndi maloto chabe, pitirizani kusankha.

Koma chomwe chinandithyola mtima si chimenecho. Pakati pa holo panali pataima chitseko chokhachokha, chopanda khoma. Chinali cha kuchipinda kwanga, ndinachidziwira msomali uja timakolekapo thaulo. Mtisunge anali atagwada pamenepo ndi diresi lake loyera, khutu ataligunditsa pathabwa. Panja galimoto inkaliza hutala, ndipo mkwati, Lameki, anaima pambali pake ndi masutikesi awiri, poti mukudziwa kuti akamutenga kupita naye ku Karonga komwe amagwira ntchito.

"Mtisu, tiye, dalaivala akudandaula," anatero Lameki.

"Dikirani kaye. Ndikumvetsera amayi."

Ine pamtanda paja ndinafuula kuti mwanawe nyamuka, diresi likuda, koma mawu ndinali nditawafumbata m'manja, pakamwa panalibe. Amene anandimva ndi chitseko chokha. Chinayankha osatembenuka, mwa mawu a thabwa louma.

"Khutu ili ndimalidziwa, mayi. Linayamba kubwera mwanayu ali sitandade 3, tsiku lija anakunyamulani pa wilibala kupita kumsewu. Inu mukagona, iye amabwera kudzamva ngati mukupuma. Mukakhosomola amadikira, mukayamba mkonono amabwerera kukagona. Pathabwa pano mpaka pasalala."

Ndinati bodza, ndikanadziwa. Chitseko chinati mwanayo ndi wa phazi lopepuka.

"Chaka chathachi anasiya kubwera," chinapitiriza. "Chibwerereni mayi aja a bulauni, m'chipindamo munkangomveka mkonono wokhawokha, ndiye mwana anayamba kugona mpaka kucha. Mukuganiza kuti Lameki anamuvomera chifukwa chiyani chaka chino, atamukana kawiri konse? Anaona kuti tsopano angathe kupita kutali. Koma masabata awiriwa wabwereranso."

Ndiye ndinaona Mtisunge akuchotsa velo kumutu, kulipinda bwinobwino monga ndinamuphunzitsira kupinda nsalu, n'kulipereka kwa Lameki.

"Pitani nokha, a Lameki. Ku Karonga sindingathe kumva."

Amayi anzanga, ndalirapo pamoyo wanga, koma kulira kopanda mpweya ndi kopanda mawu n'kowawa mwa mtundu wina. Ine ndinkaganiza kuti mphatso yanga kwa mwanayu ndi nthungululu yoti a kutsidya akambe mwezi wathunthu. Ndinayang'ana m'dzanja langa, kamayi kaja kali momwemo, katatopa, duku litapendekeka.

"Mayi, mukundifinya," kanatero. "Ndisiyeni ndikagone kwa aneba masiku ochepa. Mukasesa ndibwera, kwanu ndi kwanu."

Ndinatambasula zala. Kanadumpha, kuyenda pamitu ya anthu, n'kukakhala paphewa panu, a Nachanza, kakukonza kachikwama kake. Ndiye poti ndafika pamenepa, ndinene ndili maso, mboni zilipo. Loweruka nthungululu ya mayi wa mkwatibwi muimba ndinu. Muime pambali panga, ine ndizingogwedeza dzanja pakamwa, anthu akutali aziyesa ndine. Koma muikoke, musaidule pakati monga mumachitira muja. Musandiyang'ane choncho, misozi igwera mumpunga.

Nditangotsegula dzanja muja, mwadzidzidzi mtanda wa denga unatsika nane pang'onopang'ono mpaka pansi. Tsache lija linabwera likukankha mphika, chivundikiro chinagwa, a Bulauni n'kutuluka akudzikonza nsalu. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa kuti, "Tiyambire chipinda chiti?" Botolo linakhutula mapegi onse pamapazi a mbuzi ija, mbuzi n'kuyamba kuwadya, ndipo a Bulauni analowa m'botolomo mowerama ngati akulowa m'nyumba ya eni. Ndinaliika pakamwa pamaso pa anthu onse, apongozi ali pomwepo, n'kukoka pang'onopang'ono. Palibe anaseka.

Ndiye nkhukundembo ija inafika, yatopa, magalasi ali pambali, kapu ikadali pamsana. Inagwada kuti nditenge. Ndinamwa madzi osameza, kuloza nkhope kudenga monga inkachitira, ndipo holo yonse inatchera khutu kudikira nthungululu ya mayi wa mkwatibwi. Chomwe chinatuluka ndi gulugulugulu. Tianthu toyera tinayamba kutuluka ndi mitolo pamutu tikudandaula kuti sanatipatse nthawi yokonzekera. Nyimbo ija inayamba kufulumiranso. Ndinaona Mtisunge akuchotsa khutu pachitseko, akutembenuka kuti aone komwe kukuchokera phokosolo, ndipo phokosolo linkangokulirakulira, gulugulugulu, gulugulugulu, mpaka ndinatsegula maso.

Kunali kutayera. Phokosolo linali kuseri kwa windo. Anali bambo a Mtisunge akuchukucha kukhosi ndi madzi amchere, monga achitira m'mawa uliwonse chikwatiraneni, n'kumalavulira pa maluwa anga. Phokoso limenelo ndalitukwana zaka zonsezi.

Chifuwa chinali cholemeradi, ana amphaka alimo, amenewo sanali maloto. Ndinatembenuka kuti ndifufuze kabuluu pansi pa pilo, ndiye ndinaona pampando wa pambali pa bedi pali kabulauni. Pambali pake botolo lija, lotsukidwa, lopanda pegi ndi imodzi yomwe, kenako kapu ya madzi ndi kabeseni. Kani dzulo mwana ankalongedza miphika yake m'makatoni, n'kukapeza kabulauniko mumphika muja. Sanandifunse kanthu, ndipo ine sanandidzutse.

Chitseko chinali chotsekuka pang'ono. Ndinasuzumira, ndipo Mtisunge anali atakhala pansi m'kanjira, msana kukhoma, bulangete m'mapewa, tsitsi la ukwati lolukidwa mbali imodzi yokha. Maso anali otseka, koma mutu unali utapendekera kuchitseko, ndipo ndinadziwa kuti sali m'tulo.

Sindinamuitane. Ndinapopera kabuluu kaye kuti chitseko cha m'chifuwa chitseguke, kenako kabulauni kudzera m'botolo, kawiri kokha monga ananenera. Kuchipatala tipita tikatha mpungawu, akaone mkamwamu ndi m'chifuwamu, anene okha zochita. Ndiye ndinatenga kapu ija, kumwa madzi osameza, n'kuloza nkhope kudenga. Bambo ake kunja gulugulu, ine mkati gulugulu, ngati nkhukundembo ziwiri zikuyankhana.

Nditalavula m'beseni ndinasuzumiranso. Mtisunge anali atagona chammbali pasimenti pomwepo, miyendo atatambasula, bulangete atafunda mpaka kumutu. Kunjako bambo ake anali akadali pa gulugulu wawo, ndipo ndinawasiya amalize.